Khoma lakumbuyo lotsamira dothi: tiboole silabu yakale kapena tikumbe maziko ena?

Mwini pulotu, Chilomoni: Akuluakulu mwaswera bwanji pagulu pano. Ndikupempha nzeru ndisanataye ndalama. Ndinagula pulotu ku Chilomoni chakumtunda kuyang'ana ku Michiru, malo ake ndi otsetsereka kwambiri moti amene anandigulitsa anali atadula kale mtunda n'kuthira silabu pansipo, mamita 9 mulitali 6 mulifupi. Maganizo anga ndi oti pansipo pakhale zipinda ziwiri za lendi, pamwamba tithire silabu ina n'kumanga nyumba yokhala ine ndi banja langa. Nde vuto lili pa khoma lakumbuyo lomwe litsamire dothi, likhala lotalika mamita 2.4 ndipo ndi lomwelonso lisenze silabu yapamwamba. Pa silabu yapansiyo palibe chitsulo ngakhale chimodzi chotulukira, ndi yosalala basi. Mmisiri wanga akuti tiboole ndi dirilo, tikhomemo zitsulo za Y12 (zokhuthala mamilimita 12), tithire madzi a simenti m'mabowomo kenako tiyambe kuyala mabuloko. Kodi zimenezi zigwira? Mvula yayandikira ndipo dothi lakumbuyolo likanyowa ligumukira pa silabu pompo.

Bilda wa ku Bangwe: Taswera achimwene. Tisanapite patali, silabuyo ndi yokhuthala bwanji, ndipo pansi pake m'mbali mwakumbuyomo muli fawundeshoni? Chifukwa anthu ambiri akamathira pansi amangoyala hadikolo (miyala yoswa ija), pepala lakuda, konkire pang'ono basi, akudziwa kuti poyenda anthu ndi mipando. Ngati ndi imeneyo musamangepo khoma lonyamula nyumba.

Mwini pulotu, Chilomoni: Sindinayeze madala, kungoyang'ana m'mbali ikuoneka ngati masentimita 10. Za fawundeshoni wogulitsa anati ilipo.

Bilda wa ku Bangwe: Kumbani muone ndi maso anu. Khasu ndi piki mphindi zochepa mwadziwa. Kumbani pa ngodya ziwiri zakumbuyo ndi pakati, komanso kutsogolo kumunsi.

Foromani, Machinjiri: Kuboola si kulakwa ayi, ife pa saiti timapanga zimenezo pafupipafupi pulani ikasintha. Cholakwika ndi madzi a simentiwo. Simenti ikamauma imanyala, nde chitsulo chija chimakhala ngati chagwira koma mukachikoka ndi mphamvu chimatuluka. Gulani epoxy, mtundu wa guluu wolimba, ija ya m'chubu yothira ndi mfuti yake. Kwa Y12 mumaboola bowo la mamilimita 16, kulipukuta bwinobwino, kuthira epoxy kuyambira pansi pa bowo, kenako kulowetsa chitsulo mukuchipotokola pang'onopang'ono. Ikauma simuchizula.

Mayi Injiniya: Moni nonse. Ndaiwerenga nkhaniyi ndili pantchito nde ndimadikira ndifike kaye kunyumba kuti ndilembe modekha, mundipirire ikhala yaitali.

Bambo a ku Chilomoni, khoma lanulo mwalipatsa ntchito ziwiri ndipo mmisiri wanu akuganizira imodzi yokha, nayonso theka. Ntchito yoyamba ndi kusenza katundu wochokera kumwamba: silabu, makoma a nyumba yapamwamba, denga, anthu. Katundu ameneyu amatsika ndi khoma mpaka pansi ndipo amafuna maziko otambalala oti amugawe ku dothi lolimba. Silabu ya masentimita 10 yoyalidwa pa hadikolo siinapangidwire zimenezo, idzang'aluka motsatira khoma lonselo ndipo khoma lidzatitimira nayo limodzi.

Ntchito yachiwiri ndi imene anthu amaiderera, kuletsa dothi lomwe likukankha chammbali. Ndikupatseni manambala ongoyerekeza kuti muone kukula kwake. Dothi louma lokwera mamita 2.4 limakankha ndi mphamvu yoyandikira matani awiri, tinene 1.7, pa mita imodzi iliyonse ya khoma. Koma madzi akadzaza kumbuyoko osapeza potulukira, madzi okhawo amawonjezera pafupifupi matani 2.9 pa mita, ndipo poti dothi lomira m'madzi limapepukirako, zonse pamodzi zimafika kufupi ndi matani anayi. Khoma lanu ndi la mamita 9, chulukitsani nokha, ndi matani opitirira 30 akukankha kulowa m'chipinda chogona anthu. Ndipo mphamvu imeneyi yambiri imakhala kumunsi, pomwe khoma lakumana ndi silabu, pomwe mukufuna kugwiriza ndi madzi a simenti.

A Foromani akunena zoona kuti epoxy imagwira, inenso ndimailemba pa ntchito zina. Koma epoxy imafuna kuya. Y12 imafuna bowo lakuya masentimita osachepera 12 mpaka 15 kuti ingogwirako, ndipo ngati chitsulocho chikuyenera kukokedwa ndi mphamvu yake yonse kuyako kumaposa pamenepo. Nanga pa silabu ya 10 mupeza kuti kuya kumeneko? Dirilo itulukira kunsi mu hadikolo, epoxy n'kutayikira m'miyala. Ngakhale itagwira, chofooka chikhala konkire yozungulira bowolo, idzabenthuka n'kutuluka limodzi ndi chitsulo, makamaka poti mukuboola m'mphepete.

Nde yankho langa ndi lakuti khoma limenelo lisamangidwe pa silabu imeneyo. Dulani silabu ndi gilayinda kutsatira mzere wakumbuyo, kumbani mpaka dothi lolimba lomwe silinasunthidwepo, thirani maziko a konkire okhala ndi zitsulo, ndipo ma starter, zitsulo zotulukira zolumikiza khoma ndi maziko, atuluke kuchokera m'maziko momwemo atapindidwa ngati L, phazi lake litamangidwa ndi waya ku zitsulo zapansi. Kulumikiza kwenikweni ndi kumeneko, chitsulo chothiridwa limodzi ndi konkire.

Foromani, Machinjiri: Pa kuya ndavomera mayi, sindinaganizire kuti silabu ndi yopyapyala chonchi. Koma ngati atakumba n'kupeza kuti kunsi kuli bimu ya konkire yokhuthala, tinene masentimita 30 kapena kuposa, apo epoxy ikhoza kupulumutsa munthu kuswa.

Mayi Injiniya: Ikhoza, bola tidziwe kuti bimuyo ndi yotambalala bwanji, muli zitsulo zanji ndipo yakhala pa dothi lotani. Kukhuthala kokha sikukwanira. Komanso pa epoxy anthu amalephera pa kutsuka bowo. Fumbi likatsalamo epoxy imamatira ku fumbi osati ku konkire. Kupemerera ndi pampu, kupukuta ndi burashi ya waya, kupemereranso, mobwerezabwereza mpaka fumbi lisiye kutuluka. Kupemerera ndi pakamwa kapena kulowetsa kansanza sikutsuka.

Mwini pulotu, Chilomoni: Eeh mayi mwandiopsa ndithu. Koma kuswa silabu ndiye ndalama zinanso, simenti mmene yakwereramu. Palibe njira ina? Mnzanga wina amati kuli mabawuti aja omatambasuka mkati mukamamanga ndi sipanala.

Wa hadiweya, Limbe: Amenewo ndi ma rawl bolt bwana, ndimagulitsa koma pa ntchito iyi sindingakupatseni. Aja ndi omangira geti, mashelefu, sitandi ya thanki, zinthu ngati zimenezo. Amagwira pokankha konkire chammbali mkati mwa bowo, nde mukawaika m'mphepete mwa silabu yopyapyala amaing'amba pomanga pomwepo. Komanso simungalumikize bawuti ndi zitsulo za m'khoma. Za epoxy ndingowonjezera kuti muziyang'ana deti pa chubu, ikakhalitsa pa shelefu kapena padzuwa siuma bwino, ndipo kamphuno kosakanizira kaja kamagwira kamodzi, koyambako kotuluka mumataya kaye mpaka mtundu ufanane.

Mayi wa ku Chilobwe: Ine si mmisiri koma ndiloleni ndiyankhulepo. Bambo inu mukuti muikamo anthu a lendi m'zipinda zimenezo, chonde mverani zimene akunena mayiwa. Ife kuno mu Malichi 2023 nthawi ya namondwe Freddy tinaona zinthu zosaiwalika. Kusiya matope ndi miyala zomwe zinatsika m'phiri la Soche, kunali nyumba zambiri zomwe sizinali m'njira ya matopewo koma zinagwa chifukwa cha makoma akumbuyo. Mvula inagwa masiku otsatizana osaleka, dothi linakhuta madzi, khoma n'kungolowa m'nyumba usiku anthu ali mtulo. Oyandikana nafe khoma lawo linagwera pa bedi la ana, mwayi anali atawasamutsira pabalaza madzulo ake chifukwa pansi panayamba kutuluka madzi. Khomalo tinaliona m'mawa, linachoka lonse lathunthu kuchokera pansi, pomwe linakhala panali posalala ngati sipanamangidwepo kanthu. Ndalama ya simenti imapweteka inde koma munthu wa lendi amabwera ndi ana ake akukhulupirira kuti mwamanga bwino.

Bilda wa ku Bangwe: Pepani mayi, zinali zowawa. Kuno ku Bangwe nakonso tinagwetsa ndi kumanganso makoma ambiri chaka chimenecho. Chimene mwanenacho choti pansi panali posalala ndachiona kangapo, ndipo nthawi zambiri mumapeza pepala lakuda lili pompo. Ife tinaphunzitsidwa kuyala pepala limeneli, lotchedwa DPC, pansi pa khoma lililonse kuti chinyezi chisakwere, ndipo pa khoma wamba ndi zoyenera. Koma pa khoma lokankhidwa ndi dothi pepala lija limalekanitsa khoma ndi maziko, khoma limatsetsereka pamwamba pake.

Mayi Injiniya: Ndi zoona madala. Pa khoma ngati ili chinyezi timachiletsa kunja, kumbali ya dothi, osati podula khoma ndi pulasitiki. Ndipo pamwamba pa maziko pomwe khoma likhale musasalaze ndi chipande, pasiyeni pokhakhala, ngati pauma kale pagobeni ndi tchizulo mpaka miyala ioneke, mutsuke, kenako muthire. Konkire yatsopano imaluma bwino pa malo okhakhala.

Ndinenenso chilungamo pa za Freddy kuti wina asandimve molakwa. Matope otsika m'phiri ndi miyala ikuluikulu palibe khoma la nyumba lingawaletse, malo oterowo ndi osayenera kumangapo basi. Zomwe tikukambirana pano ndi za dothi lomwe lili kuseri kwa nyumba yanu, limenelo ndiye tingathe kulilamulira.

Wophunzira ku yunivesite ya MUBAS: Ndiwonjezereko pang'ono zomwe tikuphunzira. Mphamvu ya dothi sikukwera mofanana ndi kutalika kwa khoma, khoma likatalika kawiri mphamvu imachuluka kanayi. Nde munthu akamati kwathu ndinamanga la mita imodzi ndi njerwa zokha ndipo lilipobe, sizikutanthauza kuti la 2.4 lipirira. Komanso ma starter asakhale aafupi. Polumikiza chitsulo ndi chinzake zimayenera kupitana kutalika kokwana ka 40 mpaka 50 kukula kwa chitsulocho, kwa Y12 ndi masentimita 50 mpaka 60. Ndimaona m'makwalalamu timasitata totuluka ngati chikhatho chimodzi, pamenepo palibe chomwe chalumikizidwa.

Foromani, Machinjiri: Mphwanga wanena bwino. Ndipo ena akaona starter yatulukira pamalo olakwika amaipinda ndi paipi uku ndi uku kuti ilowe m'bowo la buloko. Chitsulo chopindidwa n'kuwongoledwa chimafooka pompo. Yalani mzere umodzi wa mabuloko pouma kaye, muike zizindikiro pomwe mabowo akugwera, kenako mumange ma starter musanathire. Buloko ya 200, kutanthauza mamilimita 200 mulifupi, ndi yotalika masentimita 40 kuphatikiza dothi lomangira, nde ma starter amagwera pa 20 kapena pa 40 aliyense kutengera zomwe injiniya walemba.

Mwini pulotu, Chilomoni: Nde mabuloko akhoza kugwira ntchito? Ndimaganiza mwina mukunena kuti likhale la konkire lokhalokha. Mabuloko ndinagula kale ena a 150.

Mayi Injiniya: A 150 asungeni, mumangira makoma ogawa zipinda. Kumbuyoko pa kutalika kumeneko ndi ochepa, m'bowo mwake simukwana chitsulo ndi konkire yokwanira kuchikuta. Njira ndi ziwiri: khoma la konkire lothira m'mashatala (chikombole cha matabwa), kapena mabuloko a 200 abwino okhala ndi zitsulo zoimirira ndi zopingasa, mabowo onse odzazidwa konkire, osati dothi lomangira lotsala ayi. Kudzazako muzichita mizere itatu kapena inayi iliyonse n'kumasinja ndi chitsulo, mukadikira khoma lifike pamwamba konkire imakakamira panjira ndipo pansi pomwe pakufunika mphamvu pamatsala mphako. Kuti ndi iti mwa ziwirizi, zitsulo zingati, maziko otambalala bwanji, sindingalembe pagulu ndisanaone dothi lanu ndi pulani ya nyumba yapamwamba. Aliyense amene angakupatseni manambala amenewo pa foni osafika pamalopo akukuikani pangozi.

Chinthu china chofunika kwambiri chomwe chimasokoneza amisiri ambiri ndi mbali yoika zitsulo. Khoma loima palokha lopanda chogwira pamwamba limafuna kugwa chakutsogolo, nde limakokeka kumbali ya dothi, zitsulo zikuluzikulu zimakhala kumeneko. Koma khoma lomwe pamwamba lagwiridwa ndi silabu limafuna kufufuma pakati kulowa m'chipinda, nde mbali yamkati nayonso imafuna zitsulo. Lanulo ndi la mtundu wachiwiri, kutanthauza kuti zitsulo za khoma zipindikire kulowa mu silabu yapamwamba, ndipo musakwirire dothi kumbuyo silabu yapamwamba isanathiridwe n'kukhwima. Makoma ambiri amang'aluka nyumba isanathe n'komwe chifukwa anthu amafulumira kukwirira kuti apeze poponda pothira silabu, ena mpaka kuimitsa lole ya mchenga pamwamba pompo.

Bilda wa ku Bangwe: Apa ine ndili ndi maganizo ena pang'ono mayi, mundikonze ngati ndalakwa. Kwa munthu wa ndalama zochepa ine ndimakonda kulekanitsa ntchito ziwirizo. Kumbuyo timamanga khoma la miyala lokhuthala pansi n'kumachepa kumwamba, lopendekera ku mtunda, lokhala ndi mapaipi otulutsa madzi, kenako timasiya kanjira ka mita imodzi kokhala ndi ngalande, ndiye nyumba iyambe. Khoma la nyumba silikhudza dothi, m'zipinda simununkha chinyezi, mumaikanso mawindo kumbuyo mpweya uzilowa. Miyala ku Chilomoni ili ponseponse, mwina ina ituluka pa pulotu pomwepo. Zipinda zapansi zotsamira dothi ndaziona zambiri, zovala zimachita nkhungu, alendi sakhalitsa.

Mayi Injiniya: Palibe chokonza madala, imeneyo ndi njira yabwino ndipo nthawi zambiri ndi imene ndimalangiza malo akalola. Khoma la miyala limagwira ndi kulemera kwake, nde pa mamita 2.4 pansi pake pamafuna kutambalala kupitirira mita imodzi, kuphatikiza kanjirako mwadya mamita awiri. Funso ndi loti malowo alipo? Ndipo ngakhale atero, khoma la nyumba lisenzabe nyumba yapamwamba, maziko ake akufunikabe, silabu idulidwabe.

Mwini pulotu, Chilomoni: Malo kumbuyo ndi ochepa, kuchokera pomwe anadula kufika pa malire ndi mita imodzi ndi theka, ndipo kumtundako a neba anamanga bafa ndi dzenje la madzi a kubafa pafupi ndi malire.

Foromani, Machinjiri: Aaa nde dothi lanulo limanyowa chaka chonse osati dzinja lokha. Musakumbenso kulowera kumeneko mungagwetse bafa la eni ake, milandu. Kambiranani nawo mwaulemu, mwina muwathandize paipi madzi awo azipita kumbali.

Mayi Injiniya: Ngati ndi choncho madzi ndiye nkhani yaikulu kuposa zitsulo. Kumbuyo kwa khoma mupake pulasitala, kenako phula kawiri kapena katatu, mutchinge ndi pulasitiki yokhuthala kuti miyala isakande phulalo. Pansi penipeni, m'munsi mwa levulo ya silabu yamkati, muyale paipi ya mamilimita 110 yobooledwa, yotsetsereka kuti madzi atulukire kumbali kwa nyumba mpaka mu ngalande, osati kungothera m'dothi. Paipiyo muikwirire ndi kwale woyera wopanda fumbi, ndipo kwaleyo akwere kutsatira khoma mulifupi masentimita 30 kapena kuposa, pakati pa kwale ndi dothi muike nsalu ija ya geotextile kuti matope asatseke mipata. Pamwamba penipeni mutseke ndi konkire yopendekera kutali ndi khoma. Dothi lofiira lomata lomwe munakumba lija musalibwezere kukhoma, limasunga madzi. Ndipo kukamwa kwa paipi kuzioneka, kuti dzinja lililonse muziona ngati ikutulutsa.

Kalipentala wa ku Ndirande: Pepani ndilowerere ndi funso langa. Ine ndikufuna kugawa chipinda ndi khoma la matabwa pa silabu, silinyamula kanthu. Nanenso ndikumbe maziko?

Foromani, Machinjiri: Ayi achimwene, inu ndiye ma rawl bolt aja ndi anu. Thabwa lapansi likhale lopaka mankhwala a chiswe, pansi pake muyale DPC, mabawuti motalikirana masentimita 60 mpaka mita, osayandikira m'mphepete mwa silabu. Basi.

Wa hadiweya, Limbe: Bwana a ku Chilomoni mukamadzagula zitsulo samalani, pamsika pali zina zolembedwa Y12 koma zoonda. Y12 yeniyeni mita imodzi imalemera pafupifupi makilogalamu 0.89, nde yathunthu ya mamita 12 ikhale cha m'ma 10 ndi theka. Pemphani aike pa sikelo, wokana mudziwe kuti pali chifukwa. Simenti ya maziko ndi khoma ngati mungathe tengani yamphamvu ija yolembedwa 42.5, ya 32.5 musiyire pulasitala ndi kuyala mabuloko. Thumba logwira miyala mkati musalandire.

Bilda wa ku Bangwe: Ndipo kasakanizidwe muimepo nokha tsiku lothira. Anthu amamva kuti 1:2:4 nde amaika thumba limodzi, mawilibala awiri a mchenga, anayi a kwale, osadziwa kuti wilibala imodzi imalowa matumba awiri a simenti. Thumba limodzi limayenda ndi wilibala imodzi ya mchenga ndi awiri a kwale, imeneyo ndiye 1:2:4. Kuposa apo mwachepetsa simenti ndi theka. Mchenga ukhale wa kumtsinje wokhakhala, mukaufinya m'manja usasiye matope. Madzi asachuluke, anyamata amakonda yamadzimadzi chifukwa siivuta kukoka ndi fosholo koma imeneyo ikauma ilibe mphamvu. Mukathira muzithirira masiku 7 osadumpha, muphimbe ndi masaka onyowa poti dzuwa la Okutobala limaumitsa msanga.

Wophunzira ku MUBAS: Komanso zitsulo zisagone pa dothi. Ikani tizidutswa ta konkire pansi pake kuti zikutidwe ndi masentimita 5, apo ayi dzimbiri lizidya mwakachetechete. Ngati mukufuna kutsimikiza mphamvu ya konkire mukhoza kuthira timabokosi ta masentimita 15 mbali zonse tsiku lomwelo n'kukatiswetsa ku labu pa masiku 7 ndi 28. Chinanso anthu timaiwala zivomerezi, dziko lathu lili mu Rift Valley, ku Salima chinagwedeza mu 1989, ku Karonga mu Disembala 2009 nyumba zambiri zinagwa, ndipo ife a Blantyre chigwa cha Shire tili nacho pafupi. Chivomerezi chimakankha nyumba chammbali, nde maziko, khoma ndi silabu zikapanda kumangidwa pamodzi ndi zitsulo chilichonse chimapita kwake.

Admin: Ndikumbutseko kuti nyumba yosanja mumzinda muno imafuna pulani yovomerezedwa ndi khonsolo ya mzinda wa Blantyre, ndipo pa nyumba yotere amafunanso zojambula za injiniya zoonetsa zitsulo. Ndiye ndalama ya injiniya muiike mu bajeti kuyambira pano. Komanso pagulu pano tisamaike manambala a foni, lankhulanani ku inbox.

Mwini pulotu, Chilomoni: Akuluakulu ndabwerako, takumba m'mawa uno monga ananenera madala a ku Bangwe. Kumbuyo kulibe fawundeshoni ngakhale pang'ono, silabu yangokhala pa miyala, ndipo masentimita 10 aja ndi m'mphepete mokha, titaswa pang'ono chamkati tapeza 7, mulibe ngakhale meshi. Kutsogolo kumunsi kuli mizere inayi ya njerwa pa konkire yopyapyala, koma dothi lake ndi lofewa, piki ikungolowa, mukutuluka mapepala ndi mizu yowola. Mmisiri wanga nayenso wangoti kakasi, akuti iye amakhulupirira mawu a wogulitsa. Mtima wanga wawawa koma bola ndadziwa lero.

Bilda wa ku Bangwe: Mwachita bwino kukumba. Kutsogoloko ndi dothi lomwe anadula kumbuyo n'kukathira kumunsi kuti pafanane, ndi mmene amachitira ambiri pa malo otsetsereka. Dothi lothira limatitimira zaka ndi zaka. Pamenepo nyumba yosanja ingang'aluke kuyambira kutsogolo kumbuyo kusanayambe n'komwe. Mmisiri wanuyo musamutaye ngati wavomereza zomwe waona, woopsa ndi amene akanakakamira.

Mayi Injiniya: Nde nkhani yasintha, si ya khoma limodzinso. Makoma onse onyamula katundu akufuna maziko atsopano ofika pa dothi lachilengedwe, kutsogoloko mwina mukumba mozama kapena muika mapilala, ndipo maziko a m'mbali adzatsika ngati masitepe kutsatira kutsetsereka kwa malo. Silabu yakaleyo muiwerenge ngati pogwirira ntchito poyera, pamapeto mudzathira ina pamwamba kapena kuiswa ikhale hadikolo. Ubwino wake mukathira yatsopano idzakhudzana ndi khoma lakumbuyo n'kumalitchinjiriza pansi kuti lisatsetsereke, bola makoma opingasa ndi maziko akutsogolo akhale olimba.

Foromani, Machinjiri: Ine ndikanati muyambe pompano, mukalimbikira masabata atatu maziko ndi khoma zatha mvula isanakhazikike.

Mayi Injiniya: Apa nde tisiyana a Foromani. Khoma litha inde, koma silingakwiriridwe mpaka silabu yapamwamba ithiridwe n'kukwanitsa masiku 28, ndipo pulani sinapite n'komwe kukhonsolo. Kutanthauza kuti Disembala ndi Januwale adzapeza ngalande yotseguka pakati pa khoma ndi mtunda, madzi akudzazamo, anyamata akugwira ntchito pansi pa dothi lonyowa la mamita 2.4 lomwe pamwamba pake pali dzenje la madzi. Kukumba maziko m'tsinde mwa mtunda wodulidwa nthawi ya mvula ndi kumene kumakwirira anthu. Ine ndingadikire mpaka Epulo kapena Meyi.

Foromani, Machinjiri: Kudikira nakonso kuli ndi mtengo wake mayi, zinthu zikukwera mwezi ndi mwezi ndipo mtundawo ukhoza kugumuka wokha uli chomwecho. Koma za chitetezo cha anyamata sinditsutsa.

Mwini pulotu, Chilomoni: Ndalama yoti ndithire silabu yapamwamba chaka chino ndilibe, nde ndidikira basi. Zitsulo ndizigula pang'onopang'ono ndizisunga, pulani ndiyambe kuyendetsa. Koma pakadali pano mtundawo ndiutani kuti usagumukire kwa ine kapena kukokera bafa la a neba?

Bilda wa ku Bangwe: Sabata ino kumbani ngalande pamwamba, kutali pang'ono ndi pomwe anadula, igwire madzi ochokera kumtunda iwapititse kumbali, muiwake ndi miyala ndi simenti kuti isamwetse madzi m'dothi. Nkhope ya mtundayo muiphimbe ndi pulasitiki yakuda yokhuthala kuchokera pamwamba mpaka pansi, pamwamba muikwirire m'kangalande kuti madzi asalowe kunsi kwake, muipsinje ndi matumba a mchenga mphepo ingaichotse. M'tsinde muyale matumba a mchenga mizere itatu kapena inayi. Pamwamba pa mtunda musaunjikepo njerwa, mchenga kapena mabuloko anu aja. Zitsulo mukagula zisagone pansi, ikani pa mitengo muphimbe, simenti yokha musagule pano idzauma m'matumba. Ndipo mvula yamphamvu ikagwa muzipita m'mawa kukayang'ana pamwamba, mukaona mng'alu m'dothi kutsatira m'mphepete muwauze a neba tsiku lomwelo asiye kugwiritsa ntchito bafalo.

Mayi wa ku Chilobwe: Ndipo ana asamasewerepo pa silabupo dzinja lino, tchingani ndi minga kapena waya. Ana amakonda malo osalala ngati amenewo kusewera mpira.

Mwini pulotu, Chilomoni: Zoona mayi, ana a m'dera amasewerapo madzulo alionse, mawa nditchinga. Mayi Injiniya ndakulemberani ku inbox za tsiku loti mudzaone malo, Loweruka ndimakhala ndilipo tsiku lonse, ndipo a neba ndalankhula nawo avomera kudzakhalapo kuti za paipi ya bafa tikambirane limodzi.